Funso la azakhali: asilikali a m'thupi amamudziwa bwanji mdani?

Kabuku ka kuchipatala ka azakhali anga kanali kokutidwa ndi pepala la shuga kuti kasanyowe ndi thukuta, poti ankakasunga pachifuwa m'kati mwa bulauzi. M'chaka cha 2006, ine ndili Fomu 3, ndinali wowaperekeza. Anali atadwala chifuwa chachikulu, atawonda mpaka chitenje kumawazungulira kawiri, ndipo kuyenda okha kuchokera pa siteji kukafika kuchipatala sankatha. Tsiku lina tikutuluka m'chipinda cha alangizi, anasolola kabukuko n'kundipatsa.

"Tawerenga apa, iwe ndiye wa sukulu."

Panali polembedwa ndi bolopeni: CD4, 140.

Anamwino anali atawafotokozera kale, ndipo anafotokoza bwino, monga ambiri a ife tinkamvera masiku amenewo. M'magazi muli asilikali. Kachilombo ka HIV kakuwapha. Munthu wabwinobwino amakhala nawo 500 mpaka 1,500 m'kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi, ndipo akatsika kufika pansi pa 200 matenda amangolowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Azakhali anamva zonsezo n'kugwedeza mutu. Koma titakhala pansi pa mtengo kudikira minibasi, anandifunsa funso limene landitsata mpaka lero.

"Za asilikali ndamva, mwana wanga. Koma asilikaliwo maso alibe. Mdaniyo amamudziwa bwanji? Nanga ine mwini thupi sandibaya bwanji?"

Ndinangoti, "Kaya, azakhali." Minibasi inabwera, tinakwera.

Lero ndimaphunzitsa Biology ku sekondale. Yankho la funso lija ndinalitola pang'onopang'ono, zaka zambiri, ndipo ndikufuna kulilemba m'chilankhulo chimene funsolo linafunsidwira. Dziko lathu lonse linaloweza mawu oti CD4. Tinkawatchula pamaliro, m'minibasi, m'mapemphero, ngati momwe timatchulira mtengo wa thumba la chimanga. Tinali ndi ufulu wodziwa chimene mawuwo akutanthauza, ndipo ufuluwo sunathe.

Vuto lake layambira apa. Mdani akakhala panja, akuyandama m'magazi, thupi lili ndi ma antibody omugwira. Amamumata pakhungu n'kumuika chizindikiro kuti ena amumeze. Koma vairasi sichedwa panja. Imalowa m'selo, kamodzi mwa tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi, n'kuyamba kugwiritsa ntchito zipangizo za selolo popanga ana ake. Ukayang'ana kunja, selo logwidwa ndi selo labwino n'zofanana, ngati nyumba ziwiri za mdadada umodzi, ina muli akuba ina mulibe. Mlonda amene alibe chilolezo cholowa m'nyumba adziwa bwanji?

Njira imene thupi limatsata ndi yakuti pafupifupi selo lililonse lizitulutsa cholawa pakhomo. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti wofulula mowa asanayambe kugulitsa amatunga pang'ono m'chikho kuti anthu alawe. Selo nalo, chilichonse chimene likuphika m'kati, limayenera kutapako pang'ono n'kuika panja, usana ndi usiku, popanda wolifunsa.

Chimene selo limaphika ndi mapuloteni. Puloteni ili ngati mkanda wautali wotungidwa ndi tinthu ta mitundu 20 totchedwa ma amino acid, ndipo katungidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa puloteni ina ndi inzake. Mapuloteni okalamba ndi opangidwa molakwika satayidwa athunthu. M'selo muli chigayo, dzina lake proteasome, chimene chimawadula tizidutswa. Tambiri timaphwanyidwa n'kugwiritsidwanso ntchito, koma tina timaponyedwa kudzera pa kazenera kotchedwa TAP kulowa m'chipinda chimene selo limakonzeramo katundu wopita kunja. M'chipindamo ndi mmene mukudikira mwini nkhani yathu, MHC ya gulu loyamba.

MHC ndi puloteni nayonso, koma pamwamba pake pali kangalande kakafupi, kotsekeka kumutu ndi kumiyendo. Kachidutswa ka ma amino acid 8 mpaka 10 kamagonamo ndendende. MHC ikakhala yopanda kanthu imakhala yogwedera, ndipo imasungidwa m'chipinda momwemo. Ikangogwira kachidutswa koyenera imalimba, n'kunyamuka ulendo wopita pakhungu la selo. Pakhungu la selo limodzi pamakhala zikwizikwi za MHC zoterezi, iliyonse itanyamula kake.

Chimene chimandigwira mtima pamenepa n'chakuti MHC sisankha. Sidziwa kuti kachidutswa aka n'ka mwini nyumba, aka n'ka mlendo. Tsiku lililonse, m'thupi la munthu wosadwala, imangonyamula tizidutswa ta mwini wake, ndipo alonda amadutsa osaima. Selo silifuula kuti lagwidwa. Koma vairasi ikayamba kuphikitsa zake m'khitchini ya selolo, mapuloteni ake amagwera m'chigayo chomwe chija, amadutsa pa zenera lomwe lija, ndipo posakhalitsa pakati pa zolawa za masiku onse pamapezeka china chachilendo. Wakuba amadziulula yekha chifukwa choti waphika.

Alonda odzalawa ndi maselo a T. Selo lililonse la T lili ndi chomvera chake pakhungu, chimene kapangidwe kake n'kosiyana ndi ka anzake, moti pamodzi amatha kuzindikira tizidutswa tamitundumitundu, ngakhale ta matenda amene dziko silinawaonepo. Amene amayendera MHC ya gulu loyamba ndi aja otchedwa CD8. Likapeza kachidutswa kogwirizana ndi chomvera chake, ngakhale titakhala tosakwana khumi pa selo lonse, selo la CD8 limakakamira pomwepo, limaboola selo logwidwalo n'kulithira mankhwala oliuza kuti life. Nyumba imagwetsedwa akuba ali momwemo, ana awo asanakule.

Kuti anthu adziwe zimenezi panapita nthawi yaitali, ndipo anayambira kolakwika. Dzina lonse la MHC, major histocompatibility complex, likunena za kugwirizana kwa minofu ya anthu awiri, osati za matenda. Peter Gorer ku London cha m'ma 1936 ndi George Snell ku Maine, m'dziko la America, ankafufuza chifukwa chimene mbewa imakanira mnofu wochokera kwa mbewa ina. Jean Dausset ku Paris mu 1958 anapeza chinthu chofanana nacho pa maselo oyera a anthu, poyeza magazi a odwala amene anaikidwapo magazi kambirimbiri, ndipo kwa ife anthu MHC inapatsidwa dzina loti HLA. Madokotala ankaidziwa ngati chopinga. Impso yoyamba kusamutsidwa n'kukhazikika, ku Boston mu 1954, inatheka chifukwa wopereka ndi wolandira anali mapasa ofanana ndendende. Kwa ena onse thupi linkakana. Koma thupi silingasunge chinthu chachikulu chotere pongodikira tsiku limene dokotala adzabwere ndi impso ya munthu wina. Ntchito yake yeniyeni inali ina, ndipo inali isanadziwike.

Anaitulukira anyamata awiri ku Canberra, m'dziko la Australia. Rolf Zinkernagel anali dokotala wochokera ku Switzerland, Peter Doherty anali dokotala wa ziweto wa ku Australia komweko. Ankapatsira mbewa vairasi yotchedwa LCMV, n'kutenga maselo a T a mbewazo kukawasakaniza ndi maselo ena ogwidwa ndi vairasi yomweyo, kuti aone ngati awapha. Nthawi zina ankapha, nthawi zina ayi. Atalondoloza anapeza kuti maselo a T ankapha pokhapokha ngati selo logwidwalo linali ndi MHC yofanana ndi ya mbewa imene anachokerako. Vairasi ndi yomweyo, matenda ndi omwewo, koma ikakhala m'selo la mbewa ya mtundu wina, maselo a T ankadutsa ngati palibe chachitika. Anafalitsa zimenezi mu 1974, ndipo mu 1996 analandira mphotho ya Nobel.

Nditawerenga koyamba nkhani imeneyi ndinaganiza za ankhoswe. Kwathu nkhani ya m'banja siilowa pabwalo yokha. Mwamuna akhoza kulalata usiku wonse, mkazi akhoza kulira mudzi wonse n'kumva, koma ngati nkhoswe sanaibweretse, akuluakulu amati sitinamve. Ndipo nkhoswe sangakhale munthu aliyense wodutsa mumsewu. Akhale wa banjalo, wodziwika. Selo la T silimva za vairasi palokha. Limamva nkhani ya vairasi ikabwera m'manja mwa MHC ya kwawo, ndipo chomvera chake chimakhudza ziwiri zonse nthawi imodzi, nkhani ndi woibweretsa. Azakhali ankafunsa kuti asilikali opanda maso amamudziwa bwanji mdani. Samudziwa paokha. Amauzidwa ndi wachibale.

Umboni wooneka ndi maso unabwera patapita zaka zina khumi ndi zitatu. Mu 1986 Alain Townsend ku Britain anaonetsa kuti maselo a T olimbana ndi vairasi ya chimfine sasowa puloteni yathunthu, kachidutswa kakafupi n'kokwanira. Chaka chotsatira, mu 1987, Pamela Bjorkman, amene anagwira ntchitoyi zaka zingapo ku Harvard pamodzi ndi Don Wiley ndi Jack Strominger, anatulutsa chithunzi cha kapangidwe ka HLA-A2 chojambulidwa ndi kuwala kwa X-ray. Pamwamba pake panali kangalande kaja. Ndipo m'kangalandemo munali chinachake chimene iwo sanaikemo, chosaoneka bwinobwino chifukwa chinali chisakanizo cha tizidutswa tambirimbiri timene mapuloteniwo anatuluka nato m'maselo. Anajambula nkhoswe ali ndi nkhani m'manja. Chithunzicho chili paliponse pa intaneti, ndipo ndimati ndikachionetsa kwa ophunzira anga, ngakhale aja okonda kukhala kumbuyo amaimirira kuti aone.

Koma zonsezi ndi za CD8. Azakhali anga m'kabuku mwawo munalembedwa CD4, ndipo kuti tifike kumeneko tiyenera kulowa khomo lachiwiri.

Si mdani aliyense amene amaphikira m'khitchini ya selo. Mabakiteriya ambiri, mafangasi, zidutswa za tizilombo takufa, zonsezi zimakhala kunja. Thupi lili ndi maselo ena amene ntchito yawo ndi kumeza zimene apeza: ma macrophage, maselo a B, komanso akatswiri pa onse, maselo a dendritic, amene Ralph Steinman anawafotokoza koyamba ku New York mu 1973. Amenewa ali ndi timanja tambirimbiri ngati mizu ya mtengo, ndipo amakhala pakhungu, m'mapapo, m'matumbo, paliponse pamene thupi limakumana ndi dziko. Ameza kanthu pamalo pamene pavulala, amanyamuka kutsata timitsempha kupita kubwalo. Bwalolo tonse timalidziwa. Ukadzipweteka chala cha kuphazi, patapita masiku n'kutupa mwanabere m'mphechepeche, pamenepo ndi pamene mlandu ukukambidwa. Kutupako ndi maselo amene asonkhana ndi kuswana.

Maselo omezawa, kuwonjezera pa MHC ya gulu loyamba imene pafupifupi selo lililonse lili nayo, ali ndi MHC ya gulu lachiwiri. Imapangidwira m'chipinda chomwe chija, ndiye pakanakhala chisokonezo, chifukwa ikanatola tizidutswa ta m'nyumba tomwe tikulowa pa zenera la TAP. Selo limapewa zimenezi mwanzeru. Limatseka kangalande kake ndi puloteni ina yotchedwa invariant chain, monga timatsekera botolo la mafuta ndi chitsononkho. Itatsekedwa choncho imatumizidwa ku kathumba kamene zinthu zomezedwa zikugayidwira. Kumeneko asidi ndi ma enzyme amadya chotsekeracho mpaka kutsala kachitsa kakang'ono kotchedwa CLIP, ndipo puloteni ina, HLA-DM, imazula kachitsako n'kuthandiza kuti malo ake alowemo kachidutswa kogwira zolimba. Kangalande ka gulu lachiwiri n'kotseguka mbali zonse ziwiri, choncho kamalandira tizidutswa totalikirapo, ta ma amino acid 13 mpaka 25, mutu ndi mchira zikulendewera kunja.

Ndiye pali mauthenga awiri osiyana. Gulu loyamba limati, "Izi ndi zimene zikuphikidwa m'nyumba mwanga." Gulu lachiwiri limati, "Izi ndi zimene ndatola kunja." Woyamba akanyamula chachilendo, yankho lake ndi kugwetsa nyumbayo. Wachiwiri akanyamula chachilendo sayenera kuphedwa, chifukwa iye ndi mthenga chabe. Ayenera kumvedwa.

Womumva ndi selo la T la CD4. Mawu oti CD4 ndi dzina la puloteni imene ili pakhungu la selo limeneli, ndipo nambala 4 ndi nambala ya m'kaundula basi, imene akatswiri anaipereka pondandalika mapuloteni a pakhungu la maselo oyera. Ntchito yake ndi kugwira MHC ya gulu lachiwiri cham'mbali, pamalo pamene sipasintha kwa munthu aliyense, kuti chomvera chija chiwerenge bwino chimene chili m'kangalande. CD8 imachita chimodzimodzi ndi gulu loyamba. CD4 ndi dzanja logwirira nkhoswe paphewa pamene akunena nkhani.

Ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti mawu oti asilikali, ngakhale anatithandiza kwambiri, anatibisira china. Maselo a CD4 kawirikawiri sabaya. Iwo ndi akuluakulu a pabwalo. Akamva nkhani n'kukhutira nayo, amaswana n'kupereka chilolezo. Selo la B limene lameza mdani limabweretsa kachidutswa kake kwa CD4, ndipo likavomerezedwa m'pamene limapanga ma antibody amphamvu ndi okhalitsa. Macrophage imene yameza bakiteriya wouma mutu imadikira mawu a CD4 kuti isonkhezere moto m'mimba mwake. Maselo a CD8 amene amabaya aja amafunanso thandizo la CD4 kuti achuluke ndi kukumbukira mdani zaka zambiri. Komanso bwalo limeneli silithamangira kugamula. Selo la T limene silinamenyepo nkhondo silidzuka chifukwa cha kachidutswa kokha. Selo la dendritic liyenera kuonetsanso chizindikiro chachiwiri, chimene limatulutsa pokhapokha ngati kumene lachokera kunalidi ngozi. Popanda chizindikirocho selo la T limazizira, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene thupi silimenyera nkhondo nsima ndi nyemba zimene timadya.

Funso lachiwiri la azakhali, loti mwini thupi sabayidwa bwanji, yankho lake lili kuseri kwa fupa la pachifuwa. Kumeneko kuli kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kamakhala kakakulu mwa mwana n'kumafota munthu akamakula. Chilembo cha T chinachokera ku dzina limeneli. Kwa nthawi yaitali madokotala ankakayesa kopanda ntchito, mpaka Jacques Miller mu 1961 atakachotsa mwa mbewa zobadwa kumene n'kuona chitetezo chawo chikugwa. Thymus ndi tsimba la maselo a T. Amalowamo ali anamwali, chomvera cha aliyense chitapangidwa mwachisawawa, ndipo amayesedwa kawiri. Poyamba: kodi ukutha kuzindikira MHC ya kwanu? Wosatha alibe ntchito, amafa. Kenako: kodi ukagwira MHC itanyamula kachidutswa ka mwini thupi, umapsa mtima? Wopsa mtima ndi woopsa, amachotsedwa. Kuti mayeso achiwiriwa akhale okwanira, maselo ena a mu thymus amaphika dala tinthu ta ziwalo zakutali, ngakhale insulin imene kwawo ndi ku kapamba, kuti anamwaliwo alawiretu. Oposa 90 pa 100 alionse satuluka m'tsimbamo. Nthawi zina wina wolakwika amapulumuka, ndipo matenda a shuga a mtundu woyamba, aja ogwira ana, amabwera maselo a T akaukira maselo opanga insulin.

Tsopano onani chimene HIV imachita. Mu 1984 ofufuza anapeza kuti kachilomboka kamagwira puloteni ya CD4 ngati chogwirira chitseko polowa m'selo. Dzanja lomwe lija logwirira nkhoswe ndilo khomo lake. Sikayamba ndi asilikali a kumalire, kamayamba ndi omva milandu. Ankhoswe amabwerabe ndi nkhani zawo, ma macrophage amanyamulabe tizidutswa ta mdani pa MHC yawo, koma pabwalo pamakhala mipando yopanda anthu. Chifuwa chachikulu chimapindula kwambiri ndi zimenezi, chifukwa bakiteriya wake amakhala m'kati mwenimweni mwa macrophage, m'kathumba kamene anamezedweramo, ndipo macrophage payokha imalephera kumugonjetsa popanda mawu a CD4. Anthu ambiri amakhala naye zaka, atamangidwa. CD4 ikatsika, zingwe zimamasuka. Chifuwa cha azakhali anga sichinali tsoka lachiwiri losiyana ndi loyamba. Chinali mwana wake.

Kachilomboka kalinso ndi puloteni yotchedwa Nef, imene imakoka MHC ya gulu loyamba kuichotsa pakhomo la selo kuti CD8 asaone cholawa. Thupi lili ndi yankho pa chinyengo chotere. Klas Kärre wa ku Stockholm anaonetsa mu 1986 kuti maselo ena, otchedwa natural killer, amaukira selo limene lasiya kuonetsa MHC yake. Nyumba imene yasiya kutulutsa cholawa imakayikitsa. Koma Nef imachotsa HLA-A ndi HLA-B, n'kusiya HLA-C pamalo pake, yokwanira kuti alonda enawo adutse osaima. Ndikamaganizira zimenezi ndimamvetsa chifukwa chimene katemera wa HIV wavutira chonchi, ndipo ndimalemekeza kwambiri matupi amene analimbana ndi kachilomboka zaka zambiri popanda mankhwala alionse.

Pali chinthu china chimene chinkatizunguza m'zaka zimenezo, ndipo chinabala miseche yambiri. Anthu awiri atenga kachilombo nthawi yofanana, wina patapita zaka zochepa wagona, wina akulima dimba lake ngati palibe kanthu. Tinkati uyu ali ndi magazi olimba. Ena ankati uyu amapemphera, uyu ankadzisamala, ndipo wodwalayo ankasenza mlandu pamwamba pa matenda. Zifukwa zake n'zambiri, kuphatikizapo chakudya, matenda ena ndi mtundu wa kachilombo, koma chimodzi chachikulu ndi HLA imene munthu anabadwa nayo.

Malangizo opangira HLA ali pa chromosome 6, umodzi mwa mitolo ya chibadwa imene ili m'selo, ndipo palibe mbali ina ya chibadwa cha munthu imene imasiyanasiyana kuposa imeneyi. Mitundu yake yolembedwa m'kaundula yapitirira 30,000. Munthu mmodzi amalandira A, B ndi C kuchokera kwa mayi, A, B ndi C kuchokera kwa bambo, ndiye pa gulu loyamba ali ndi mitundu yosapitirira 6. Kusiyana kwa mitunduyi kuli makamaka m'kangalande muja, m'timaenje timene kachidutswa kamapondamo. HLA yanga ikhoza kugwira kachidutswa kamene yanu singakagwire. Pa kachilombo kamodzi komweko, ankhoswe anga ndi anu amabweretsa nkhani zosiyana. N'chifukwa chake ngakhale ana a mimba imodzi, mwayi woti awiri afanane HLA yonse ndi umodzi pa inayi, ndipo wofuna impso kapena mafuta a m'mafupa amayamba kuyezetsa abale ake.

Pa HIV, mitundu ina monga B57 ndi B27 imagwira tizidutswa ta mbali ya kachilombo imene sikangaisinthe popanda kudzivulaza. Kafukufuku wa ku Durban, amene anafalitsidwa mu 2004, anaonetsa zimenezi mwa anthu a kumwera kwa Africa kuno, amene ali ndi mtundu wa kachilombo womwe wafala kwathu. Anthu a HLA ya mtundu wa B*58:01 ankakhala ndi kachilombo kochepa m'magazi, a B*58:02 ankakhala nako kambiri. Mitundu iwiriyi imasiyana pa ma amino acid atatu okha. Tinthu titatu pa mkanda wautali, timene munthu sanasankhe, timene sangationjezere ndi pemphero kapena kutichotsa ndi tchimo. Ndikanakonda tikanadziwa zimenezi nthawi imene tinkanong'onezana pamaliro.

Malungo nawo ali m'nkhani yomweyi. Mu 1991 Adrian Hill ndi anzake, pofufuza ana a ku Gambia, anapeza kuti HLA-B53, imene ndi yofala ku West Africa, inkateteza ku malungo aakulu. Kachilombo ka malungo, udzudzu ukangoluma, kamayamba kakhala m'chiwindi pafupifupi sabata, ndipo maselo a chiwindi ali ndi MHC, choncho pamenepo kakhoza kuululika. Kenako kamasamukira m'maselo ofiira a magazi, amene akakhwima alibe phata ndipo satulutsa cholawa pakhomo. Kanapeza nyumba imene alonda a CD8 saiyendera. Matenda amene makolo athu anakumana nawo kwa zaka zikwi zambiri ndi amene anasefa mitundu ya HLA imene tili nayo lero, ndipo poti palibe mtundu umodzi wogwira chilichonse, mudzi umene anthu ake ali ndi HLA zosiyanasiyana suthera pamodzi mliri ukafika. Anthu a mu Africa ndi amene ali ndi kusiyanasiyana kwakukulu kwa chibadwa pa dziko lonse. Opanga katemera amene akufuna kudzutsa maselo a T ayenera kusankha tizidutswa timene HLA za anthu olandira katemerayo zingagwire, ndipo ine ndikuona kuti ntchito yowerenga HLA zathu iyenera kuchitika kuno, ndi ana athu omwe. Ena mwa iwo akhala pa madesiki m'kalasi mwanga.

Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2004, ndipo azakhali anayamba kumwa chaka chomwe chija cha kabuku. Mankhwalawa sapanga asilikali atsopano. Amaletsa kachilombo kuswana, ndipo thupi lokha limadzazanso mipando ya pabwalo. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti CD4 itsike, moti achinyamata ambiri lero mawuwa sawamva monga tinkawamvera ife.

Mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinapita kumudzi ku chinkhoswe cha mdzukulu wawo. Azakhali ndi amene ankayendetsa za kuchikazi, atamanga duku, mawu awo akumveka mpaka kumsewu. Madzulo anthu atabalalika tinakhala pakhonde akusenda mtedza, ndipo ndinawakumbutsa funso lija. Anali ataliiwala. Ndinawafotokozera zonse, za cholawa, za chigayo, za chitsononkho, za nkhoswe. Anamvetsera osandidula, manja akugwirabe ntchito.

"Ndiye kuti kachilomboka kanayamba kupha akuluakulu omva milandu?"

"Eya, azakhali."

"Ankhoswe n'kumangobwera, osapeza woti amuuze."

"N'zimenezo."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anapukuta manja pachitenje, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku kena, katsopano, kokutidwabe ndi pepala la shuga. Anatsegula tsamba lomaliza pamene panalembedwa viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, n'kuloza ndi chala.

"Apa akuti sikakuoneka. Tawerenga, iwe ndiye wa sukulu. Kabisala kuti?"